Toyota Aqua yakale: siimwa mafuta, koma yambani mwayeza batire ndi mabuleki

Mukadina batani la POWER pa Toyota Aqua phazi lili pa buleki, simumva sitata ikulira. Pa dashibodi pamangoyaka mawu obiriwira akuti READY, galimoto ili zii, moti munthu amene anazolowera galimoto wamba amadinanso batanilo poganiza kuti yakana, n'kuizimitsa. Bata limeneli ndi limene limakopa ogula ambiri, komanso ndi lomwe limabisa matenda. Galimoto wamba ikatopa imadziulula yokha ndi utsi kapena phokoso. Haibulidi, galimoto yoyendera petulo ndi magetsi ngati Aqua, ikatopa imatha kuyenda bwinobwino tsiku loigula, n'kudzayatsa nyali zochenjeza patatha milungu iwiri.

Tikunena za Aqua ya mtundu woyamba, ya nambala NHP10, imene Toyota inayamba kugulitsa ku Japan mu Disembala 2011 n'kuipanga mpaka 2021. Ku America ndi ku Australia inkatchedwa Prius c. Maganizo athu tineneretu: pa magalimoto ang'onoang'ono osamwa mafuta amene amagulidwa atayendapo kale, Aqua ndi imene tingaiikire kumbuyo mosadodoma, makamaka kwa munthu woyenda m'tauni tsiku ndi tsiku. Komabe ubwino wa Aqua iliyonse wagona pa zinthu ziwiri zosaoneka ndi maso, batire lalikulu ndi pampu ya mabuleki. Wogula osayeza ziwirizi amakasiya kwa makaniko ndalama zonse zimene akanapulumutsa pa mafuta.

Pansi pa boneti pali injini ya petulo ya malita 1.5 yotchedwa 1NZ-FXE, ya mphamvu zokwana 54 kW, ndipo pambali pake pali mamota awiri amagetsi. Yaikulu, ya 45 kW, imakankha matayala ndi kubweza magetsi m'batire galimoto ikamachepetsa liwiro. Yaing'ono imadzutsa injini ndi kupanga magetsi. Zonse pamodzi zimapereka 73 kW. Zitatuzi zimakumana pa kagulu ka magiya ozungulirana, ndipo kompyuta imasintha liwiro la mota yaing'ono kuti injini izizungulira pamene siwononga mafuta. Ogulitsa amangoti ndi CVT, giyabokosi yosintha liwiro mosadumpha magiya, koma musaisokoneze ndi CVT ya lamba wachitsulo imene imavutitsa anthu pa magalimoto ena. Muno mulibe lamba, mulibe kilatchi yosinthira magiya, ngakhale giya yobwerera m'mbuyo mulibe, mota imangozungulira chobwerera. Sitata, olitaneta ndi fanibeluti palibenso, pakuti pampu ya madzi ndi kompulesa ya eyakoni zimayendera magetsi. Zinthu zambiri zimene zimatha msanga pa galimoto wamba anangozichotseratu, n'chifukwa chake giyabokosi ya Aqua siimveka kawirikawiri m'magalaja.

Pa pepala la ku Japan, Aqua yoyamba inalembedwa makilomita 35.4 pa lita, ndipo kumapeto kwa 2013 nambalayo inakwera kufika pa 37. Manambala amenewa anachokera pa mayeso otchedwa JC08, ochitikira m'nyumba galimoto ili pa zogudubuza, eyakoni yozimitsa, liwiro lapakatikati lili makilomita 24.4 pa ola ndipo lapamwamba silifika 82. Palibe amene amayendetsa choncho pamsewu. Bungwe la EPA la ku America, lomwe mayeso ake ndi okhwimirapo, linaipatsa galimoto yomweyi mamailosi 53 pa galoni m'tauni ndi 46 pamsewu wautali, kutanthauza makilomita pafupifupi 22.5 ndi 19.5 pa lita. Awa ndiye manambala owerengera bajeti. Thanki yake ndi ya malita 36, ndiye makilomita 700 mumawakwanitsa musanamwetsenso.

Mwaona kuti m'tauni ndi mmene imamwa pang'ono, mosiyana ndi galimoto wamba. Pamzere wa magalimoto kapena pa maloboti injini imazima. Mukaponda buleki pang'onopang'ono mota imasanduka jenereta, ndipo mphamvu imene ikanathera kutenthetsa mabuleki imalowa m'batire. Injiniyo nayo imachedwa dala kutseka mavavu olowetsa mpweya, njira imene akatswiri amaitcha Atkinson, kuti ifinye mphamvu yambiri pa dontho lililonse la petulo, ndipo kufooka kumene njirayi imabweretsa ponyamuka mota ndi imene imakukwirira. Pa liwiro la 110 kapena 120 zonsezi sizithandiza kwenikweni, chifukwa simuima, simuponda buleki, injini ikungolimbana ndi mphepo. Maulendo aafupi kwambiri nawo amaichotsa ulemu. Injini ikakhala yozizira kompyuta imaisiya ikulira mpaka itatentha, choncho woyenda makilomita atatu m'mawa ndi atatu madzulo asayembekezere 20 pa lita.

Musanatengeke mtima, werengani malita. Woyenda makilomita 15,000 pachaka pa galimoto ya 12 pa lita amawotcha malita 1,250. Pa Aqua ya 21 pa lita amawotcha 714, kusiyana kwa malita 536. Woyenda makilomita 5,000 okha amapulumutsa malita 179. Chulukitsani malitawo ndi mtengo wa petulo kumene muli, kenako funsani mtengo wa batire lalikulu latsopano. Woyamba uja amabweza ndalama ya batire mosavuta, pomwe wachiwiriyu zaka zimatha asanaibweze, ndipo batire la galimoto yongokhala limakalamba msanga kuposa la yoyenda tsiku lililonse. Poyeza kamwedwe musadalire nambala ya pa dashibodi, imakonda kukometsera. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, yendani, dzazaninso chimodzimodzi, mugawe makilomita ndi malita.

Pa za m'kati sitichedwapo. Ndi galimoto yopepuka, yoposa tani imodzi pang'ono, yotalika mamita anayi. Mukaponda moto kwambiri pachitunda injini imabangula kwinaku liwiro likubwera pang'onopang'ono, ndipo mmenemo ndi mmene inapangidwira. Mapulasitiki ndi olimba gwa, phokoso la matayala limalowa, ndipo wamtali akakhala kumbuyo mutu umakhudza denga. Buti ndi ya malita 305, yokwanira ndithu pa msinkhu wake. Chodandaulitsa ndi kufupika: mimba yake ili mamilimita 140 okha kuchokera pansi, moti ikanyamula anthu anayi imakhula pa mabampu. X-Urban ya 2014 anaikweza kufika pa 160, Crossover ya 2017 pa 170. Giredi L anaichotsa zambiri, mpaka mawindo akumbuyo ndi opukusa pamanja, ndiye sankhani S kapena G. Ya malimu a mainchesi 16 imaoneka bwino koma potembenuka imafuna mamita 5.7 m'malo mwa 4.8. Tsegulaninso pansi pa buti, chifukwa zambiri zinatuluka m'fakitale ndi kabotolo komatira tayala m'malo mwa sipeya.

Tsopano batire lalikulu, pomwe pagona nkhani. Lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndi la mtundu wa nickel-metal hydride, la mavolti 144. M'kati mwake muli timabatire 20 tondandalikana ngati mabuku pa shelefu, timene amakaniko amati ma module, ndipo kalikonse kali ndi maselo 6 a 1.2 V, kupanga 7.2 V. Lonse limasunga magetsi osakwana 1 kWh, chifukwa ntchito yake ndi kulandira ndi kupereka mphamvu mwachangu kambirimbiri pa ulendo umodzi. Batani la EV limakuyendetsani kilomita imodzi kapena awiri pa liwiro lotsika, basi. Kompyuta imalisunga pakati pa 40 ndi 80 peresenti, osalidzazitsa, osaligugitsa, ndipo n'chimene chimalipatsa zaka zambiri.

Chimene chimalipha kwambiri ndi kutentha. Limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa m'galimoto kudzera pa kazenera ka m'munsi mwa mpando wakumbuyo. Kazenerako kali pafupi ndi popondera mapazi, ndiye kamameza fumbi, tsitsi, ubweya wa ziweto ndi ulusi wa zovala. Mukatsegula fani ya Aqua imene sinatsukidwepo mumapeza mapiko ake atakutidwa ndi fumbi longa thonje lakuda, mipata yonse itatsekeka, fani ikuzungulira koma mpweya osapita. Ma module a pakati ndi amene amatentha kwambiri chifukwa anzawo awapanikiza mbali zonse, ndipo ndi amene amayamba kufa. Zophimbira mipando zolendewera mpaka pansi, chikwama chotsamira pa kazenerako, kapeti yokhuthala, zonsezi zimadya batire mwakachetechete. Pukutani kazenerako ndi sefa yake pa sevisi iliyonse, ndipo kumene kuli fumbi lambiri fani izitsegulidwa kamodzi pachaka. Ena amazimitsa eyakoni kukatentha pofuna kupulumutsa mafuta. Pa galimoto imeneyi kumeneko n'kudzibera wekha, pakuti mpweya umene mukupuma inu ndi womwewo ukuziziritsa batire.

Kungokhala nako kumalivulaza. Maselo a nickel amataya magetsi okha ngakhale sakugwira ntchito, ndipo sataya mofanana. Galimoto ikaima miyezi ingapo ena amatsika kuposa anzawo, ndipo kusiyana kumeneko kompyuta imakuona ngati batire lowonongeka. N'chifukwa chake Aqua yonyezimira, ya mileji yochepa modabwitsa, imene yakhalitsa pamalo ogulitsira, isakusangalatseni msanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zaka zimatopetsa batire kuposa makilomita, ndipo la 2012 limene silinasinthidwepo muliwerengere kuti lakalamba ngakhale mileji itakhala 60,000.

Kuliyeza sikufuna zida zodula. Pafunika kachipangizo ka Bluetooth kolowetsa pa soketi ya OBD2 pansi pa chiwongolero, ndi pulogalamu ya pa foni monga Dr. Prius kapena Hybrid Assistant. Galaja yokhala ndi Techstream, pulogalamu ya Toyota yeniyeni, imaona zambiri kuposa apa. Kompyuta ya galimoto imayeza ma module awiriawiri, ndiye pa foni mumaona mizere 10, uliwonse uli pa 14.4 V kapena kuposerapo, mpaka cha m'ma 16 batire likadzaza. Galimoto ili chiimire mizereyo imaoneka yofanana ngakhale batire lili lodwala, choncho muyenera kulikhetsa thukuta. Mnzanu ayendetse, inu maso ali pa foni. Anyamuke mwamphamvu, kenako aponde buleki yaitali. Mzere wofooka umagwa kuposa anzake ponyamuka, n'kukwera kuposa anzake pa buleki. Kusiyana kwa 0.2 V kapena kucheperapo n'kwabwino. Mzere umodzi womwewo ukamatsalira ndi 0.3 mpaka 0.5 V nthawi zonse, batirelo layamba kutha. Kusiyana kukafika 1.2 V ndiye kuti selo imodzi yafa, ndipo khodi P0A80, nambala ya vuto imene kompyuta imasunga, ili m'njira ngati siinafufutidwe kale. Onaninso kutentha. Batire lokhala pamwamba pa madigiri 45 pa ulendo wamba, fani ikusokosa kumbuyo kwanu, likukuuzani kuti mpweya sukupita kapena maselo atopa.

Ngakhale popanda foni pali zoti muone. Pa dashibodi pali chithunzi cha batire cha timizere 8. Labwino limakonda kukhala pa timizere 5 kapena 6 ndipo limasintha pang'onopang'ono. Lotopa limadzaza mpaka pamwamba pa kamtsetse kamodzi, n'kugwa kufika pa tiwiri m'mphindi zochepa, ngati ndowa yaing'ono yosachedwa kudzaza ndi kutha. Ikani pa P galimoto ili READY, yatsani eyakoni, mumvetsere. Injini ikamangodzuka pafupipafupi kudzatchaja, mphamvu yosunga magetsi yachepa. Makina oyezera amaonetsanso makilomita amene galimoto yayenda chifufutireni makhodi. Mukapeza 15 okha funsani chifukwa chake, ndipo musalipire musanaiyendetse mphindi 30 pamsewu wokhala ndi chitunda.

Batire likafa, latsopano ndi lodula koma limakupatsaninso zaka zambiri osaganiza za ilo. Lochotsedwa pa galimoto ya ngozi limatengera chaka chake ndi nthawi imene lakhala pa shelefu. Njira yotchipa, yosintha module imodzi kapena ziwiri zakufa, ndi imene imakhumudwitsa anthu ambiri. Zotsalazo ndi zamsinkhu umodzi ndi yakufayo, zadutsa m'kutentha komweko, ndiye pakapita miyezi ingapo ina imagwa. Kukonza kwenikweni kumafuna kutchaja ndi kukhetsa module iliyonse kangapo kuti aone yatsala ndi zingati pa 6.5 Ah imene inali nayo ili yatsopano, kusankha zofanana mphamvu, kuzilinganiza, kenako kutsuka kapena kusintha timapuleti takopa tozilumikiza, timene timachita dzimbiri lobiriwira n'kumanamiza kompyuta. Manati ake amamangidwa pa 5.4 Nm. Kumangitsa kumathyola kamutu ka module, kulekerera kumatenthetsa polumikizirapo. Imeneyi ndi ntchito ya masiku angapo, ndipo wokuuzani kuti aimaliza pa ola limodzi angosintha module basi. Mukaona ma module olembedwa manambala ndi cholembera, dziwani kuti batirelo linatsegulidwapo kale. Ndipo chonde, mawaya a mtundu wa olenji si oseweretsa, inveta, chipangizo chopereka magetsi a batire ku mamota, imakweza magetsi mpaka 520 V. Wogwira ntchito pamenepo amazimitsa galimoto, amachotsa waya wa nekativu pa batire laling'ono la 12 V, amavala magolovesi otchinga magetsi a 1,000 V, amazula pulagi ya olenji ya pa batire, amadikira mphindi 10, kenako amayeza ndi mita asanakhudze chilichonse.

Za mabuleki ogula ambiri sazidziwa n'komwe. Pa Aqua kompyuta imagawa ntchito yoimitsa galimoto pakati pa mota ndi mabuleki enieni, ndipo mphamvu yokankhira buleki fuluwidi imachokera ku pampu yamagetsi imene imaisunga m'kabotolo kachitsulo kopanikizidwa. Mukatsegula chitseko cha dalaivala mumamva kaphokoso pansi pa boneti kwa masekondi ochepa. Imeneyo ndi pampu ikudzaza kabotoloko, ndipo n'zabwinobwino. Mavavu a m'kati akayamba kudontha, pampu imalira pafupipafupi ngakhale simunaponde buleki. Khalani m'galimoto ili READY, wailesi ndi fani zozimitsa, phazi kutali ndi buleki, muziwerenga. Ikamalira masekondi 10 kapena 20 alionse chipangizocho chatha, ndipo khodi C1391 kapena C1256 ikubwera limodzi ndi nyali za ABS ndi buleki. Mtengo wake umapikisana ndi wa batire lalikulu, komanso si chinthu chozengereza nacho, chifukwa chikaferatu buleki imalimba, galimoto n'kumakaima patali.

Mapadi amakhalitsa popeza ntchito yambiri imagwira mota, koma timapini ta kalipa timauma n'kugwira, padi imodzi n'kumadyeka yokha. Tizipakidwa girisi kamodzi pachaka. Wosintha mapadi ayambe wachotsa batire laling'ono, pakuti wina akatsegula chitseko kalipa ili pamanja pampu imatha kukankhira pisitoni kunja. Kusintha fuluwidi kumafuna makina oyezera otsegula mavavu motsatana, kupopa ndi phazi kwa masiku onse kumasiya mpweya m'kati.

Injini yake ndi yolimba, ya tcheni osati lamba wa taimingi. Chimene chimaivuta ndi mwaye. Ili ndi njira yobwezera utsi wina wa ku ekisozi m'injini, yotchedwa EGR, ndipo utsiwo umadutsa m'kachoziziritsira ka timipata tating'ono, pa vavu, kenako m'timabowo tinayi ta mu manifodi. Timabowoto sititsekeka mofanana, ndiye silinda ina imalandira utsi wochuluka kuposa inzake, injini n'kumanjenjemera ndi kugogoda ikangodzuka m'mawa kapena pa liwiro lotsika. Nthawi zina pamabwera khodi P0401. Ambiri amathamangira kusintha mapulagi ndi makoyilo, chonsecho mankhwala ake ndi kumasula vavu, choziziritsira ndi manifodi n'kutsuka zonse zitatu. Kutsuka vavu yokha sikuthetsa vuto. Pokaona galimoto pemphani kuti asailize tsiku limenelo, ndipo mukafika gwirani boneti mumve ngati ili yozizira.

Oyilo wake ndi 0W-20, malita 3.7 posintha ndi fyuluta yomwe. Wokhuthala ngati 20W-50 sayenera, chifukwa injini imeneyi imazima ndi kudzuka kambirimbiri pa ulendo umodzi ndipo imafuna oyilo wofika msanga pamwamba. Mu giyabokosi mumalowa ATF WS yekha, osati oyilo wa CVT, poti mamota ali momwemo ndipo oyiloyo amakhudza mawaya ake. Madzi oziziritsa ali m'njira ziwiri, ya injini ndi ya inveta, ndipo zonse zimafuna kulanti wapinki wa Toyota Super Long Life. Galimoto ili READY suzumirani m'kabotolo ka inveta, madzi azioneka akuyenda. Akangoti phee, pampu yake yafa, ndipo inveta ikatentha galimoto imatha kuzima pamsewu ndi khodi P0A93. Pa eyakoni ndi pamene amisiri osazolowera amawononga zambiri. Kompulesa yake ili ndi mota ya magetsi amphamvu m'kati ndipo imafuna oyilo wa ND-11, wosadutsa magetsi. Oyilo wamba wa PAG, ngakhale wongotsalira m'mapaipi a makina odzazira gasi, amachititsa magetsi kuthawira ku bodi ya galimoto, kompyuta n'kukana kuyatsa READY.

Batire laling'ono la 12 V nalo lili pansi pa mpando wakumbuyo, la nambala S34B20R, lokhala ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja popeza limakhala m'kati momwe muli anthu. Ntchito yake ndi kudzutsa makompyuta, ndiye likafooka silichenjeza ndi sitata yolemera. Mumangoona nyali zambirimbiri pa dashibodi ndi READY kukana kuyaka, ndipo ambiri amachita mantha kuti lalikulu lafa. Yambani mwayeza laling'onoli: litagona usiku lizionetsa 12.4 V kapena kuposa, ndipo galimoto ikakhala READY pazioneka cha m'ma 14 V. Pojampitsa yang'anani mawaya kawiri, pakuti kusemphanitsa pozitivu ndi nekativu kumapsereza mafyuzi aakulu, mwinanso inveta imene. Aqua siilira poikankha, ndipo poikoka matayala akutsogolo azikhala m'mwamba chifukwa akamazungulira mota imapanga magetsi opanda kopita. Pamzere wautali musaike pa N, batire silitchajika pamenepo. Giya ya B ndi yotsikira mitsetse yaitali, ndipo kuyenda nayo m'tauni kumangotaya mphamvu.

Nanga anzake? Prius ya ZVW30, ya 2009 mpaka 2015, ili ndi makina a mtundu womwewu koma injini ya 1.8, ma module 28 ndi malo okwanira banja, ndipo pamsewu wautali ndi yokhazikika kuposa Aqua. Vuto lake ndi EGR yomweyi, koma kumeneko mwaye ukalekereredwa nkhani imakathera pa gasiketi ya hedi, choncho yogogoda m'mawa komanso yochepetsa madzi m'kabotolo ithaweni. Prius ya ZVW50 imene inatuluka kumapeto kwa 2015 inakonza zambiri mwa izi, ndipo amene thumba likumulola atenge imeneyo. Honda Fit Hybrid ili ndi malo ambiri kuposa Aqua, koma GP5 ya 2013 ili ndi giyabokosi ya magiya 7 ya makilatchi awiri ouma, imene Honda inaiitanitsa kangapo m'miyezi yoyambirira kudzakonza. Makilatchi ouma amatentha pokwawa pamzere wa pachitunda, ndiye poiyesa mvetserani kunjenjemera ponyamuka ndi kuchedwa kulowa giya. Nissan Note e-Power ya 2016 ndi yosiyana. Injini yake ya 1.2 siikhudza matayala, imangopanga magetsi, ndipo mota ya 80 kW ndi imene imayendetsa. M'tauni imanyamuka mokoma kuposa onsewa, koma pa liwiro lalikulu imamwa kuposa Aqua chifukwa mphamvu imatayika posanduka magetsi n'kubwereranso ku matayala.

Galimoto yamagetsi okhaokha imatengera kumene muzitchajira. Amene ali ndi poimika pake usiku, magetsi odalirika ndi maulendo odziwika kutalika kwake, Nissan Leaf imamuchotsera oyilo wa injini, mapulagi, EGR ndi ekisozi nthawi imodzi. Imadya cha m'ma 15 kWh pa makilomita 100, ndipo mukawonjezera zotayika potchaja zimafika 17. Aqua pa mtunda womwewo imamwa malita 4.8, ndiye yerekezani mtengo wa mayunitsi 17 a magetsi ndi wa malita 4.8 a petulo. Koma Leaf yoyamba ya 2010 inali ndi batire la 24 kWh lomwe EPA inaliyeza makilomita 117 lili latsopano, ndipo batire la 24, 30, 40 ngakhale 62 kWh lilibe madzi oliziziritsa. Kumalo otentha, ndiponso likamatchajidwa mwachangu pafupipafupi, limakalamba msanga. Pa Leaf ya mtundu woyamba, kumanja kwa dashibodi kuli timizere 12 tating'ono toonetsa thanzi la batire. Koyamba kamazima mphamvu ikatsika kufika pa 85 peresenti, totsatira timazima ikatsikanso ndi 6 peresenti kapena kuposa pang'ono. Leaf ya 24 kWh ya timizere 8 yatsala ndi mphamvu yosapitirira magawo awiri mwa atatu, yomwe ndi makilomita 70 kapena 80. Timizereti timatha kubwezeretsedwa mwachinyengo pofufuta kompyuta ya batire, choncho kuwonjezera pa kuyeza ndi pulogalamu ya pa foni ya LeafSpy, yendani nayo makilomita 20 muone mlingo wa batire watsika bwanji.

Soketi wamba ya 10 A pa 230 V imapereka 2.3 kW, kutanthauza maola 10 kapena kuposa kudzaza batire la 24 kWh. Maola onsewo magetsi akuyenda osapuma, ndiye soketiyo ikhale ndi mawaya ake, buleka yake ndi ethi yabwino. Ekisitenshoni yopyapyala imatentha mpaka kusungunuka. Chingwe chobwera ndi Leaf ya ku Japan chinapangidwira 200 V ndi 15 A, choncho wamagetsi ayambe wachiona musanachiike pa soketi ya mtundu wina. Potchajira mwachangu pa Leaf zimenezi ndi pa soketi ya mtundu wa CHAdeMO, pomwe m'maiko ambiri malo atsopano otchajira akuika ya mtundu wina wotchedwa CCS, ndiye fufuzani zimene zili m'misewu imene mumayenda musanagule.

Amene watenga Aqua n'kupezeka kuti achokapo kwa nthawi yaitali, buku la Toyota limati galimoto iziyendetsedwa mphindi 30 kapena makilomita 16 kamodzi pa miyezi ingapo. Pa batire la zaka zoposa 10 malire amenewo ndi otayirira. Musiyireni kiyi munthu wodalirika kuti milungu iwiri iliyonse aziiyatsa mpaka READY, osati kungoyatsa nyali za pa dashibodi, n'kuiyendetsa theka la ola. Akangoiliza ili pamalo, ikhale panja pomwe utsi ungatuluke, giya ili pa P. Poiimika pazikhala pamthunzi, thanki ili ndi mafuta, ndipo chithunzi cha batire chili pa timizere 5 kapena 6.